Laputopu Ikayamba Kulira Kuti "Khe, Khe", Pulumutsani Kaye Zithunzi

Laputopu ya pakhomo pathu tidaigula itagwirapo kale ntchito kwina, ndipo idatitumikira zaka 6 popanda vuto. M'menemo mudali zonse: zithunzi za ukwati ndi za ana ali makanda, makalata ofunsira ntchito, kaundula wa ngongole za kagolosale kathu, komanso mawu a agogo athu aakazi akulongosola mzere wa banja, omwe tidajambula patatsala miyezi yochepa kuti atisiye. Zonsezi zidali pamalo amodzi okha. Tikuulula izi mwamanyazi, koma tikudziwa kuti m'makomo ambiri ndi momwemo.

Zizindikiro zoyamba tidazinyozera. Kuti iyake, idayamba kutenga nthawi yokwana kuphika phala. Kenako zithunzi zina zinkatseguka theka, kumunsi kuli mbuu. Tsiku lina foda yonse idakana kutseguka, mawa lake n'kutseguka ngati palibe chidachitika. Ndiye usiku wina, nyumba ili zii, tidamva kaphokoso kuchokera pansi pa pomwe timatsamiritsa dzanja polemba: khe, khe, khe, n'kukhala chete, n'kuyambiranso.

Titamuuza mnansi wathu, sadachedwe n'kuyankha komwe. "Aneba, amenewo ndi mavairasi. Kangoifomatani, ibwerera mwakale." Adanena mokoma mtima, ndipo malangizo amenewa ndi omwe amamveka paliponse kompyuta ikayamba kuchedwa. Tikadawatsatira, mawu a agogo bwenzi atapita.

Chomwe chimazungulira m'katimo

Malaputopu ambiri akale amasunga zinthu pa hard drive, kabokosi kachitsulo kokula ngati chikhatho. M'kati mwake muli kambale kosalala, nthawi zina tiwiri, kopakidwa zinthu za maginito. Kambaleka kamazungulira ka 5,400 pa mphindi imodzi, kutanthauza ka 90 pa sekondi iliyonse, ndipo ena amafika 7,200. Pamwamba pake pamayenda kamkono kokhala ndi kamutu kowerenga ndi kulemba. Kamutuka sikakhudza mbale, kamayandama pa kamphepo komwe kuzungulirako kumapanga, ndipo mpata wake ndi wochepa zedi moti kafumbi kamodzi n'kakakulu kuposa mpatawo.

Mukamvetsa zimenezi, mudziwa chifukwa chake laputopu yoyaka siyenera kugwedezedwa, kuponyedwa pa bedi, kapena kulowetsedwa m'chikwama n'kukwera nayo kabaza isanazime bwinobwino. Kamutu kakangogunda mbale, pamalopo pakalika, ndipo zomwe zidalembedwapo zawonongeka. Ifenso batire ya laputopu yathu idafa kalekale, ndiye magetsi akathima inkazima nthawi yomweyo, ngakhale ili mkati molemba. Kulira kuja kwa khe, khe ndi kamkono komwe kalephera kupeza malo ake, n'kubwerera poyambira, n'kuyesanso.

Si kuchedwa kulikonse

Tisanamizire hard drive pa chilichonse. Laputopu imachedwanso ikakhala ndi RAM yochepa, mapulogalamu akachuluka oyaka okha, kapena fumbi likatseka potulukira mpweya n'kuyamba kutentha. Phokoso nalo limasokoneza. La fani limakhala lopitirira ngati mphepo, limakula laputopu ikatentha, ndipo limamvekera kumbali kotulukira mpweya. La hard drive yodwala limadukizaduka, ndipo nthawi zambiri limabwera pomwe kompyuta yaima osayankha.

Pa Windows, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager. Ngati pa Disk pakungokhala 100% kwa nthawi yaitali pomwe simukuchita chilichonse cholemera, yambani kukayikira, ngakhale kuti umenewu pawokha si umboni wokwanira. Malaputopu a HP ndi a Dell alinso ndi choyezera chawochawo chomwe chimagwira Windows isanayake. Pa HP mumadina Esc kenako F2 mukangoyatsa, pa Dell mumadina F12 n'kusankha Diagnostics. Dell ikakupatsani nambala 2000-0142, kapena HP ikalemba uthenga wa hard disk wokhala ndi 301, ikukuuzani kuti hard drive yalephera mayeso.

Ifunseni yokha

Chomwe chidatidabwitsa n'chakuti hard drive imalemba yokha mbiri ya matenda ake, ngati kabuku ka kuchipatala. Njirayi imatchedwa SMART, ndipo yakhala m'ma hard drive kuyambira zaka za m'ma 1990. Kuti muwerenge kabukuko pamafunika pulogalamu, ndipo yomwe tidagwiritsa ntchito ndi CrystalDiskInfo, yaulere ndiponso yaing'ono. Mwana wathu wamkulu adaikopera pa fulashi kuchokera pa kompyuta ina, kuti tisalembe china chilichonse pa hard drive yodwalayo.

Ikatseguka imaonetsa mtundu: wabuluu ndi mawu akuti Good, wachikasu ndi Caution, kapena wofiira ndi Bad. Yathu idali yachikasu. Pansi pake pali mndandanda wautali womwe ungakuzunguzeni mutu, koma mizere yofunika ndi itatu. Wa 05 umawerenga timagawo ta mbale tomwe tidawonongeka, hard drive n'kusamutsira zinthu pa timagawo tina tomwe idasungira padera. Wa C5 umawerenga timagawo tomwe takanika kuwerengeka ndipo tikudikira kusamutsidwa. Wa C6 ndi wa tomwe takanikiratu kukonzeka. Yang'anani kumapeto kwa mzere, kudzanja lamanja. Pa hard drive yabwinobwino pamakhala maziro okhaokha. Kwa ife, wa C5 ndi womwe udatiopsa kwambiri, chifukwa timagawo timeneto tidali tidakali ndi zinthu zathu, ndipo titayang'ananso madzulo nambala idali itakwera.

Kodi nambalazi n'zodalirika bwanji? Mu 2007 akatswiri a ku Google adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ma hard drive awo oposa 100,000. Adapeza kuti hard drive ikangosamutsa kagawo koyamba, mpata woti ife m'masiku 60 otsatira umakula kuposa ka 14 poyerekeza ndi yomwe sidasamutsepo. Koma adapezanso kuti pa 100 aliwonse omwe adafa, 36 sadaonetse chizindikiro chilichonse cha SMART. Choncho mtundu wachikasu muukhulupirire, koma wabuluu usakugonetseni tulo. Ngati makutu anu akumva khe, khe pomwe pulogalamu ikuti zonse zili bwino, khulupirirani makutu anu.

Choyamba n'kukopera

Apa ndi pomwe ambirife timalakwitsa, chifukwa mtima umathamangira kukonza. Hard drive yomwe yayamba kuwonongeka mbale siikonzeka, ndipo ola lililonse lomwe ikuzungulira likuchotsedwa pa nthawi yochepa yomwe yatsala. Mapulogalamu omwe amasesa mbale yonse, monga chkdsk, defrag, kapena kusaka mavairasi paliponse, amaigwiritsa ntchito yakalavulagaga kwa maola ambiri ndipo akhoza kuimalizitsa. Ngakhale mayeso aatali a HP kapena Dell aja adikire. Nthawi yotsalayo muigwiritse ntchito pokopera.

Tidakhala pansi ndi pepala tisanayatse, n'kugwirizana zoyamba kutuluka. Mawu a agogo, kenako kaundula wa ngongole ndi makalata, kenako zithunzi, chaka ndi chaka. Mafilimu ndi nyimbo tidazisiya, popeza zimenezo zimapezekanso. Tidakopera pang'onopang'ono, foda imodzi pa nthawi, laputopu ili pa tebulo lolimba, ndipo tidasankha nthawi yomwe tinkayembekeza kuti magetsi akhalitsa. Fayilo ikakana, tinkaidumpha m'malo moikakamiza. Ntchito yomwe ikadatenga ola limodzi idatitengera madzulo atatu.

Pali nkhani zina zomwe zimayenda pakamwa: kuika hard drive mufiriji, kuimenya pang'ono, kapena kuitsegula kuti muone chavuta. Firiji imabweretsa chinyezi pa mbale. Kumenya kumagunditsa kamutu. Kutsegula kumalowetsa fumbi, n'chifukwa chake makampani opulumutsa zinthu zotere amatsegulira m'zipinda zosefedwa mpweya, ndipo mtengo wawo umaposa wa laputopu yomwe.

Ngati laputopu yasiyiratu kuyaka ndipo ikungolira, izimitseni, musamaiyatseyatse. Pitani nayo kwa wokonza, koma muuzeni momveka kuti mukufuna zinthu zanu, osati Windows yatsopano. Wodziwa ntchito amachotsa hard drive, kuilumikiza pa kompyuta ina ndi kabokosi ka USB, n'kukopera. Ena amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa Linux yotchedwa ddrescue, yomwe imayamba yatenga malo onse abwino n'kubwerera pambuyo pake ku malo ovuta. Akangotchula zofomata asanakopere, nyamulani laputopu yanu mwaulemu. Kumbukiraninso kuti m'menemo muli zinsinsi za banja, ndiye ngati n'kotheka khalani pomwepo, ndipo hard drive yakaleyo mubwere nayo kunyumba.

Laputopuyo sidafe

Titamaliza kukopera, wokonza adatiikira SSD pamalo pomwe padali hard drive. Ilibe chozungulira m'kati, siopa kugwedezeka, ndipo ya mtundu wa SATA, ya mainchi 2.5, imalowa m'malaputopu ambiri akale popanda kusintha kanthu. Laputopu yomwe tinkati yakalamba tsopano imayaka tisanakhale n'komwe pa mpando. SSD nayo imafa, ndipo imafa mwakachetechete, popanda khe, khe wokuchenjezani. Pa chifukwa chimenechi mawu a agogo tsopano ali patatu: pa laputopu, pa fulashi yomwe imasungidwa kwa achemwali athu, ndi pa Google Drive, pomwe amapereka malo a 15 GB kwaulere.

Wokonzayo adationetsanso kanthu kena komwe tikadakonda kudziwa pogula. Pulogalamu yomwe ija imalemba Power On Hours, maola onse omwe hard drive yakhala ikuyaka chibadwire. Chaka chili ndi maola 8,760, ndiye mukhoza kuwerengera nokha ngati laputopu yomwe wogulitsa akuti "yangogwirako pang'ono" ilidi choncho. Kuyang'ana kumatenga mphindi ziwiri, fulashi ili m'thumba.

Sikuti zonse zidapulumuka. Foda ya chinkhoswe cha mng'ono wathu idakaniratu, ndipo titayesa komaliza hard drive idalira kawiri n'kusiya kuoneka. Tidafunsa pa gulu la WhatsApp la banja, ndipo alamu athu adapeza zithunzi 11 za tsikulo mufoni yawo yakale. N'zosaoneka bwino kwenikweni, chifukwa WhatsApp imachepetsa zithunzi potumiza, koma pa chimodzi agogo akuoneka atakhala pa mkeka, akuseka, lichero lili pamiyendo.