Masatifiketi a Olemba Mapulogalamu Otetezeka a pa Intaneti

Pulogalamu ya pa intaneti, imene munthu amagwiritsa ntchito pa webusayiti polipira bilu, poona ndalama zake kubanki kapena polembetsa mayeso, imamangidwa ndi mizere yambirimbiri ya malangizo opita kwa kompyuta, ndipo malangizo amenewa akatswiri amawatcha khodi. Kwa zaka zambiri luso la wolemba khodi linkayesedwa poona ngati pulogalamu ikuchita zimene anaipangira, pamene funso loti kodi ingalimbe pamaso pa munthu wofuna kuithyola linkasiyidwira anthu ena obwera ntchito itatha kale. Masatifiketi a kalembedwe kotetezeka anayambitsidwa pofuna kubwezera funsoli m'manja mwa wolembayo, popeza kawirikawiri mpata umene wakuba amalowerapo umakhala utasiyidwa tsiku lomwe mzerewo unalembedwa.

Vuto lotchedwa SQL injection likusonyeza bwino nkhaniyi. SQL ndi chiyankhulo chimene pulogalamu imagwiritsa ntchito pofunsa nkhokwe yosungiramo mayina, manambala ndi mawu achinsinsi a makasitomala. Ngati wolemba khodi atenga mawu amene mlendo walemba m'kabokosi ka pa tsamba n'kuwalumikiza ndi funso lopita kunkhokweko osawapatula, wachiwembu angathe kulemba lamulo pamalo pa dzina lake, nkhokweyo n'kumvera lamulolo ngati kuti lachokera kwa mwini wake. Mankhwala ake ndi odziwika ndiponso osavuta, chifukwa wolembayo amangofunika kutumiza lamulo padera ndi mawu a mlendo padera, kuti nkhokwe isasokoneze ziwirizi. Vutoli linafotokozedwa poyera mu 1998 m'magazini ya Phrack, komabe mu 2015 kampani ya mafoni ndi intaneti ya TalkTalk ku Britain inathyoledwa mwa njira yomweyi, zinsinsi za makasitomala pafupifupi 157,000 zinaonekera kwa akuba, ndipo chaka chotsatira kampaniyo inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 400,000. N'zomvetsa chisoni kuti anthu osalakwa anapwetekedwa ndi cholakwa chimene chinali chitadziwika kwa zaka 17.

Maphunziro ambiri a m'gawoli amatsamira pa ntchito ya OWASP, bungwe losachita malonda limene linayamba mu 2001, ndipo kuyambira mu 2003 lakhala likutulutsa mndandanda wa ziopsezo khumi zikuluzikulu za mapulogalamu a pa intaneti. Pa mndandanda wa 2021, malo oyamba anatengedwa ndi kulephera kuletsa munthu kufika pamene sayenera kufika, monga pamene kasitomala angosintha nambala pa adiresi ya tsamba n'kuona akaunti ya mnzake.

Masatifiketi enieniwo ndi osiyanasiyana, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kukumvetsa. Bungwe la ISC2 linayambitsa CSSLP mu 2008, ndipo satifiketi imeneyi imayang'ana moyo wonse wa pulogalamu, kuyambira pokonza mapulani, polemba, poyesa mpaka poisamalira ikayamba kugwira ntchito. Wofuna kuilandira ayenera kukhala atagwira ntchito yotereyi kwa zaka zinayi, kapena zitatu ngati ali ndi digiri yogwirizana nayo, ndipo pa zaka zitatu zilizonse amayenera kusonyeza kuti wakhala akupitiriza kuphunzira. Bungwe la GIAC, limene ndi logwirizana ndi SANS Institute ya ku United States, limapereka GWEB, imene imakhudza kwambiri kuteteza mawebusayiti ndipo imakonzedwanso pakatha zaka zinayi. Kampani ya OffSec inatsata njira ina pa satifiketi yake ya OSWE, chifukwa wolemba mayeso amapatsidwa mapulogalamu ndi khodi yake, ndipo kwa maola pafupifupi 48 amafufuza mipata yobisika, kuithyola, kenako n'kulemba lipoti lofotokoza zimene wachita. Mayeso osankha yankho lolondola amasonyeza kuti munthu akudziwa mfundo, zimene ndi zabwino ndithu, koma mayeso ochita ndi manja amapereka umboni wolimba woti maso ake angathe kuona cholakwa pakati pa mizere zikwizikwi, ndipo wolemba anthu ntchito ayenera kufunsa kuti satifiketi imene wabweretseredwa inapezeka kudzera m'mayeso amtundu uti.

Chikoka cha maphunziro otere chimachokeranso ku makampani a makhadi olipirira. Malamulo a PCI DSS, amene amayang'aniridwa ndi khonsolo yokhazikitsidwa mu 2006 ndi Visa, Mastercard, American Express, Discover ndi JCB, amafuna kuti olemba mapulogalamu ogwira manambala a makhadi aziphunzitsidwa za chitetezo kamodzi pachaka kapena kupitirira apo. Malamulowa sakakamiza satifiketi inayake, koma amakhudza aliyense wosunga kapena kutumiza manambala a makhadiwo, kuphatikizapo mabanki a ku Malawi ndi Zambia.

Satifiketi ili ndi malire ake, ndipo zimene zinachitikira kampani ya Equifax mu 2017 zikuonetsa malirewo. Akuba analowera pa mpata wa mu Apache Struts, chida chopangidwa ndi anthu ena chimene kampaniyo inamangirapo tsamba lake, ndipo anatenga zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni, ngakhale kuti chigamba chotsekera mpatawo chinali chitatuluka m'mwezi wa Marichi, miyezi iwiri akubawo asanalowe. Apa chimene chinasowa ndi dongosolo la kampani lodziwira zida zimene ikugwiritsa ntchito ndi kuzikonza msanga, ndipo pepala la wantchito mmodzi silikanalowa m'malo mwa dongosolo lotere.

Kwa wachinyamata wa ku Lilongwe kapena Lusaka chopinga chachikulu ndi mtengo, chifukwa mayeso a masatifiketiwa amalipiridwa m'ndalama zakunja ndipo amafika madola mazana angapo kapena kuposa. Komabe chidziwitso chenichenicho sichinatsekeredwe kuseri kwa malipirowo, popeza OWASP imagawa zolemba zake mwaulere, pamodzi ndi mapulogalamu monga WebGoat ndi Juice Shop, amene anapangidwa dala ndi zolakwa kuti wophunzira aziwathyola pa kompyuta yake popanda kuphwanya lamulo, kenako n'kuphunzira mmene mpata uliwonse umatsekedwera.