Alick Nkhata, woimba amene mawu ake anaoloka malire

Ife a kuno ku Mchinji, boma limene atsamunda ankalitcha Fort Manning, sitinganene kuti Alick Nkhata anali mlendo, pakuti m'zaka za m'ma 1950, pamene nyumba ya mphepo ya Central African Broadcasting Station inkaulutsa mawu kuchokera ku Lusaka, ndipo makolo athu ankasonkhana madzulo kuzungulira kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, nyimbo zake zinkafika m'midzi mwathu monga momwe zinkafikira ku Fort Jameson, kutsidya kwa malire, popanda wozifunsa chiphaso.

Bamboyu anabadwira ku Kasama mu 1922. Atabwerako ku nkhondo ku Burma, anayenda ndi katswiri wa nyimbo Hugh Tracey kujambula nyimbo za makolo, ndipo zimene anatola m'maulendowo anaziluka pamodzi ndi gitala, naimba m'Chinyanja ndi m'Chibemba za maukwati ndi za mayesero a moyo wa m'tauni. Ine ndikhulupirira kuti iyeyu ndiye analambula njira ya oimba athu, popeza anaonetsa kuti chilankhulo cha pamudzi nchoyenera kumveka pa wailesi mopanda manyazi.

Imfa yake imandiwawa kufikira lero: mu Okutobala 1978, asilikali a Rhodesia, poukira misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe ku Mkushi, anamuphera pafupi ndi munda wake.