Mphuno yakula, khungu layera: zomwe foni imachita ndi nkhope yanu

Anthu ambiri akadzijambula pafoni, chithunzi choyamba amachifufuta. Mphuno imaoneka yaikulu, mphumi yotukuka, makutu ngati athawira kunkhongo. Amajambulanso kangapo mpaka apeze choika pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndipo nachonso sichituluka chisanakonzedwe. Ena amatsala ndi nkhawa yakuti kamera yaulula chilema chomwe kalilole wakhala akuwabisira. Chonsecho vuto lagona pa kutalika kwa mkono.

Dokotala wina wochita maopaleshoni a nkhope pa yunivesite ya Rutgers ku America, Boris Paskhover, ankadabwa ndi anthu obwera kudzadandaula za kukula kwa mphuno, umboni wawo uli zithunzi zodzijambula okha. Iye ndi anzake anachita masamu, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2018 m'magazini ya madokotala ya JAMA Facial Plastic Surgery. Anapeza kuti kamera ikakhala masentimita 30 kuchokera kumaso, mphuno imaoneka yotambalala ndi pafupifupi 30 peresenti kuposa mmene ilili poyerekeza ndi nkhope yonse. Ikakhala pa mita imodzi ndi theka, nkhope imatuluka mmene anthu amaionera.

Chifukwa chake n'chosavuta. Chinthu chapafupi chimaoneka chachikulu, ndipo pankhope chimene chimatsogola ndi mphuno. Foni ikayandikira kwambiri, mtunda wochoka pakamera kufika pamphuno umafupika kwambiri poyerekeza ndi wofika kumakutu, choncho mphuno imakula, makutu n'kuchepa. Mukaima patali, kusiyanako kumazimiririka. N'chifukwa chake zithunzi za ojambula akale aja, oyenda panjinga ndi kamera pakhosi, amene ankakuimikani pafupi ndi maluwa iwo n'kubwerera m'mbuyo masitepe angapo, zinkakufanani kuposa selfie ya foni yodula.

Palinso china. Nkhope yomwe mumaidziwa ndi ya m'kalilole, yotembenuka, kumanja kuli kumanzere. Palibe munthu amene mbali ziwiri za nkhope yake zimafanana ndendende, ndiye chithunzi chikakuonetsani mmene ena amakuonerani, mumaona ngati pakamwa papotoka kapena diso limodzi latsika. Kafukufuku wa ku America wa mu 1977 anasonyeza kuti anthu ankakonda chithunzi chawo chotembenuzidwa ngati cha m'kalilole, pomwe anzawo apamtima ankakonda chenicheni. Aliyense amakonda chomwe anazolowera.

Izi ndi za kapenyedwe chabe. Nkhani imakula tikafika pa zomwe foni imachita mwadala. Foni yamakono mukadina kamodzi, nthawi zambiri imajambula zithunzi zingapo m'kanthawi kochepa n'kuziphatikiza, kuwalitsa pomwe pali mdima, kuzimitsa pomwe pawala kwambiri. Mafoni ambiri kamera yakutsogolo imabwera ndi beauty mode, ndipo ena imakhala yoyatsa kale mwini wake osadziwa. Ikazindikira kuti apa pali nkhope, imasalaza khungu, kufufuta ziphuphu ndi makwinya, nthawi zina kukulitsa maso ndi kuchepetsa chibwano. Musanatsegule n'komwe Snapchat, Instagram kapena TikTok, nkhope yakonzedwa kale. Ma filter ndiye amapitiriza. Ina ya pa TikTok yotchedwa Bold Glamour, yomwe inatchuka mu 2023, inadabwitsa anthu chifukwa ngakhale mudutsitse dzanja kumaso siisokonekera ngati zakale zija, moti woonera sangadziwe kuti pali chinyengo.

Kwa ife a khungu lakuda, kamera ili ndi mbiri yakeyake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, otsuka zithunzi ankayesa mitundu pogwiritsa ntchito makadi a kampani ya Kodak okhala ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, otchedwa Shirley. Filimu inkapangidwira khungu loyera, ndipo wakuda ankatuluka mano ndi maso okha. Lorna Roth, wofufuza wa ku Canada, analemba kuti ena mwa omwe anakankha kampaniyo kuti isinthe anali opanga mipando yamatabwa ndi opanga chokoleti, podandaula kuti katundu wawo wofiirira sakuoneka bwino pazithunzi zotsatsira malonda. Taganizani, chokoleti kumveredwa msanga kuposa munthu.

Zinthu zasinthako. Kampani ya ku China ya Transsion, yopanga mafoni a Tecno, itel ndi Infinix omwe adzadza m'matumba mwathu, inatchuka mu Africa mwa zina chifukwa chokonza makamera ake kuti azijambula bwino khungu lakuda, ndipo Google inabweretsa njira yake yotchedwa Real Tone mu 2021. Koma kuwalitsa chithunzi kuti nkhope ioneke n'kosiyana ndi kuyeretsa munthuyo, ndipo ma filter ambiri amachita chachiwirichi. Mu 2017 eni ake a pulogalamu ya pafoni ya FaceApp anapepesa pagulu anthu atazindikira kuti filter yawo yokongoletsa inkangoyeretsa khungu la anthu akuda. Makina anaphunzira kukongola kuchokera pazithunzi zomwe anapatsidwa, ndipo zambiri mwa izo zinali za azungu.

Kodi zonsezi zimavulaza? Ofufuza a ku Netherlands anaonetsa atsikana 144 a zaka 14 mpaka 18 zithunzi za pa Instagram, ena zokonzedwa, ena zosakonzedwa. Omwe anaona zokonzedwa anatuluka osakhutira ndi matupi awo, makamaka amene amakonda kudziyerekeza ndi anzawo, ndipo ambiri anazitenga zithunzizo ngati zenizeni. Pa yunivesite ya York ku Canada, gulu la Jennifer Mills linapeza mu 2018 kuti ophunzira aakazi omwe anadzijambula n'kuika chithunzicho pamasamba a mchezo ankadziona osakongola pambuyo pake, ngakhale aja amene analoledwa kujambula kangapo ndi kukonza chithunzicho. Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti pali phunziro lalikulu, chifukwa ambiri timaganiza kuti kukonza chithunzi kumatilimbitsa mtima. Pokonza, mumaikulitsa nkhope yanu pafoni n'kuyamba kuisecha, kachiphuphu kalikonse, kachipsera kalikonse, zinthu zomwe palibe mnzanu anaziona. Mukamaliza mwatsala ndi mndandanda wa zolakwika.

Eni masambawa akudziwa. Zikalata zamkati mwa kampani ya Facebook zomwe Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito kumeneko, anatulutsa mu 2021, n'kulembedwa m'nyuzipepala ya Wall Street Journal, zinasonyeza kuti 32 peresenti ya atsikana omwe anafunsidwa anati akakhala kuti sakusangalala ndi matupi awo, Instagram imawonjezera vutolo. France kuyambira 2017 ndi Norway kuyambira 2022 amalamula kuti zithunzi zotsatsira malonda zomwe thupi la munthu lasinthidwa zizikhala ndi chizindikiro. Kumapeto kwa 2024 TikTok inalengeza kuti iletsa ana osakwana zaka 18 kugwiritsa ntchito ma filter ena osintha nkhope.

Tisakokomeze. Si aliyense wosewera ndi filter amene adwale maganizo, ndipo kafukufuku wambiri wachitikira ku Ulaya ndi ku America. Koma alipo matenda enieni otchedwa body dysmorphic disorder, omwe amagwira anthu pafupifupi awiri pa 100 alionse. Wodwala amatha maola tsiku lililonse akuganizira chilema chaching'ono kapena chomwe ena sakuchiona n'komwe, kudziyang'ana mosalekeza, kufunsa anzake mobwerezabwereza, mpaka kuleka sukulu, ntchito kapena kupita kutchalitchi poopa kuonedwa. Kwathu kuno wotere timangoti ndi wamatama kapena wamanyazi. Ndi matenda, ndipo amachizika ndi uphungu komanso mankhwala. A chipatala cha boma chapafupi angathe kumutumiza kwa akatswiri, monga a ku Zomba Mental Hospital kapena a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Kumayiko olemera, wofuna kufanana ndi chithunzi chake amapita kwa dokotala wa opaleshoni. Kuno njira yachidule ndi botolo la mafuta oyeretsa khungu la pamsika. Mtsikana akaona kuti chithunzi chomwe wayera ndi chomwe anthu achiyamikira kuti "mwatchena asisi", sipatenga nthawi kuti afune kumaoneka choncho ngakhale pamsewu. Mafutawa anayamba kale foni isanabwere, koma tsopano aliyense akuyenda ndi chitsanzo cha nkhope yake yoyera m'thumba.

Ambiri mwa mafutawa amakhala ndi chimodzi mwa zinthu zitatu. Mercury amawononga impso ndi mitsempha, amathanso kufika kwa mwana wosabadwa, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lakhala likuchenjeza za iye. Hydroquinone akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda bii m'masaya zomwe n'zovuta kuchotsa, ndipo South Africa inamuletsa m'zodzoladzola mu 1990. Achitatu ndi ma steroid amphamvu monga clobetasol, omwe ndi mankhwala enieni a matenda a khungu koma ogulitsidwa ngati zodzola. Amapyapyalitsa khungu mpaka timitsempha kuonekera, amabweretsa ziphuphu, zipere ndi mizere yong'ambika, ndipo akalowa m'magazi kwa nthawi yaitali angathe kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Côte d'Ivoire, Ghana ndi Rwanda ndi ena mwa mayiko omwe anakhwimitsa malamulo pa malondawa.

Chithunzi chabwino cha munthu wakuda chimafuna kuwala, osati kuyeretsa. Imani moyang'ana zenera kapena pamthunzi wa khonde, kuwala kubwere kutsogolo kwanu, osati kumsana. Dzuwa la masana limaika mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, choncho m'mawa kapena chakumadzulo ndi bwino. Pukutani galasi la kamera, chifukwa mafuta a m'zala ndi omwe amachititsa zithunzi zambiri kuoneka ngati muli nkhungu. Dinani pankhope kuti foni iyese kuwala potengera khungu lanu osati khoma loyera lakumbuyo, zimitsani beauty mode, ndipo mupatse mnzanu foniyo aime patali pang'ono ajambule ndi kamera yakumbuyo.

Amene anayamba kale kudzola mafuta okhala ndi steroid kwa miyezi yambiri asangosiya tsiku limodzi. Khungu limatha kuyabwa, kutentha ndi kubuka ziphuphu moti ambiri amabwerera ku botolo lomwelo. Apite kuchipatala atanyamula botololo, dokotala awerenge zomwe zalembedwapo ndi kuwauza mmene angachepetsere pang'onopang'ono.