Kompyuta ikakana kuyaka, musathamangire kuikakamiza

Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza makalata pamsika wa kwathu. Lachiwiri lina m'mawa kompyuta yanga inakana kuyaka. Ndikadina batani, fani inkangozungulira pang'ono kenaka n'kuima, zii. M'katimo munali ntchito ya aphunzitsi ena yomwe ndinaitayipa kwa masabata awiri, ndipo ankaifuna Lachisanu.

Alamu anga anati vuto ndi kabokosi kachitsulo komwe chingwe cha magetsi chimalowera kumbuyo, kamene amati power supply. Anati ndigule kena kotchipa, apo ayi akatsegule n'kumanga waya pomwe pali fyuzi. Mtima wanga unakana, choncho ndinaitana mnyamata wokonza makompyuta.

Iye anatsegula kompyutayo n'kuyamba kuzula mawaya mmodzimmodzi. Posakhalitsa anapeza waya wofiira atapanidwa ndi chivundikiro, wasendeka ndipo akukhudza chitsulo. Atamusintha, kompyuta inayaka bwinobwino.

"Amayi, kabokosi aka sikanafe ayi," anatero. "Kanaona shoti n'kuzimitsa magetsi dala. Pakanapanda iko, bwenzi pano mukulira."

Zomwe anandifotokozera tsiku limenelo ndi zimene ndikufuna kugawana nanu.

Magetsi a m'nyumba zathu kuno ku Malawi ndi a ma volt 230, ndipo amayenda mopita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi. Zipangizo za m'kati mwa kompyuta sizingapirire mphamvu yotere. Zimafuna magetsi ochepa, oyenda mbali imodzi komanso osagwedezeka: ma volt 12 pa waya wachikasu, 5 pa wofiira ndi 3.3 pa wa olenji. Ntchito ya kabokosi kaja ndi kusandutsa magetsi a pakhoma kuti akhale otero.

Choyamba kamawawongola kuti aziyenda mbali imodzi n'kuwasunga m'tizitini totchedwa ma capacitor. Kenaka kamawatsegula ndi kuwatseka maulendo masauzande ambirimbiri pa sekondi, n'kuwadutsitsa m'kathiransifoma kakang'ono kamene kamawachepetsa. Pali kachipangizo kena komwe kamayeza magetsi otuluka nthawi zonse. Kompyuta ikalemedwa ndi ntchito, magetsi n'kuyamba kutsika, iko kamatalikitsa nthawi yotsegula, akakwera, kamaifupikitsa. Malamulo a ATX, omwe kampani ya Intel inawayambitsa mu 1995, kwa zaka zambiri ankati magetsiwa asasiyane ndi mlingo wake kupitirira 5 peresenti. Ndiye kuti waya wachikasu uja azikhala pakati pa 11.4 ndi 12.6.

Ntchito yachiwiri ndi yaulonda. Polowera magetsi pali fyuzi yomwe imaduka akachuluka, ndipo m'mabokosi abwino mumakhalanso kachipangizo komeza mphamvu yobwera modzidzimutsa. Potulukira pali mlonda wina amene amazimitsa zonse akaona shoti, magetsi okwera mopyola, kapena zipangizo zikukoka mphamvu yoposa imene kabokosiko kangathe. Ndi zomwe zinachitika kwa ine. Ngakhale poyatsa, kabokosika kamayamba kadikira, osapitirira theka la sekondi, kuti magetsi akhazikike, kenaka n'kutumiza chizindikiro pa waya wotuwa chololeza kompyuta kuyamba ntchito.

Komabe mlonda ameneyu ali ndi malire. Magetsi akazima, mphamvu yomwe wasunga siikwana ngakhale kuphethira kwa diso. Wofuna mpata wosunga ntchito yake ayenera kugula UPS. Mphenzinso sangalimbane nayo, choncho mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani chingwe pakhoma.

Mnyamata uja anandichenjezanso zinthu zitatu. Choyamba, musamange waya m'malo mwa fyuzi, chifukwa fyuzi siiduka popanda chifukwa, ndipo wayayo akhoza kubutsa moto. Chachiwiri, musatsegule kabokosiko ngati simuli mmisiri. Ma capacitor aja amatha kusunga ma volt opitirira 300 ngakhale mutazula chingwe. Chachitatu, mukagula kompyuta ya kaunjika, yang'anani kumbuyo. Zina zakale zili ndi kaswitchi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Yochokera ku America imatha kubwera ili pa 115, ndipo mukailumikiza chomwecho kuno, imaphulika nthawi yomweyo.

Za mabokosi otchipa kwambiri, anati ambiri amatchipa chifukwa opanga anachotsamo zotetezera zina. Amayatsa kompyuta ndithu, koma tsiku la vuto amapsa pamodzi ndi motherboard ndi hard disk. Mumapulumutsa ndalama pang'ono lero, mawa n'kutaya makina onse ndi ntchito za eni ake.

Aphunzitsi aja anatenga ntchito yawo Lachinayi madzulo, osadziwa n'komwe zomwe zinachitika. Kuyambira pamenepo ndimakopera ntchito za makasitomala pa fulashi ndisanatseke shopu. Ndipo kompyuta ikazima yokha, sindidinanso batani kakhumi mwaukali. Ndimazula chingwe n'kuitana wodziwa kuti aone chomwe chavuta.