Timitsinje ta pa Nyika tomwe foni yanga sinkatidziwa

Netiweki inatithawa titangodutsa pageti la Thazima, koma kadontho kabuluu pa mapu a mufoni yanga kanapitirizabe kuyenda. GPS sidya bando. Imamva masatelayiti, bola mapu ukhale utawatsitsiratu uli m'tauni. Ine ndinatsitsira ku Mzuzu, ndipo kunena zoona ndinkadzimva ukatswiri.

Ndinapita ndi amalume anga, omwe anabadwira m'mudzi wina womwe unasamutsidwa pomwe boma linkakuza malire a pakiyi mu 1978. Cholinga changa chinali kuika pa OpenStreetMap maina a timitsinje ta kwawo kwakaleko.

Zikuluzikulu mapu ali nazo. Phiri la Nganda, lalitali kuposa onse pa Nyika, mamita oposa 2,600, lilipo. Mtsinje wa North Rukuru, womwe umayambira pamwamba pomwepa, kugwa pa mathithi a Chisanga n'kukathira m'nyanja ku Karonga, ulipo. Kanyanja ka Kaulime nako kalipo. Koma timitsinje tambiri totuluka m'madambo n'timizere chabe topanda dzina.

Amalume ankaima pa kamtsinje kalikonse, n'kutchula dzina lake m'Chitumbuka, kenako nkhani: apa tinkamwetsa ziweto, apo agogo ako anagwa ndi mtsuko. Ine ndinkadina malowo pafoni, dzina n'kulemba m'kope. Msilikali wa zanyama yemwe ankatiperekeza, mfuti ili paphewa, ankangomwetulira.

Tsiku lachiwiri chifunga chinatsika mwadzidzidzi. Mbidzi zomwe tinkaziona patsidya zinazimiririka, zitunda zonse n'kufanana. Kuzizira kwa mu Julaye kunali kutadya kale batire, foni phethi! Mtima unagunda, abale.

"Iwe mphwanga, bweza kachitsuloko m'thumba," anatero amalume. "Ona komwe madzi akulowera." Tinatsika ndi kamtsinje kamodzi, iwo ndi msilikali uja akukangana pang'ono za njira, mpaka tinatulukira pamsewu wopita ku Chelinda dzuwa litapendeka.

M'kope muli maina okwana tsamba limodzi ndi theka. Awiri amalume anawaiwala. Anaima nthawi yaitali pambali pa madzi, milomo ikuyenda, osatuluka mawu. Titafika ku Rumphi anaimbira foni mlongo wawo wamkulu, yemwe anakumbukira limodzi lokha. Linalo ndalisiyira mpata pa mzere wake.