Musanagulitse Puloti: Za Sikolashipi ya ku China

Mwezi wa Novembala wapitawu, mvula yoyamba itangogwa, mayi wina wamasiye wa kuno ku Silverest anandipeza pakhomo ali ndi envelopu m'manja. Titalonjerana monga mwa mwambo, anatulutsa pepala losindikizidwa bwino, lokhala ndi zilembo za Chitchaina pamwamba ndi chidindo chofiira m'munsi.

"Aphunzitsi, tandiwerengerani. Akuti mwana wanga wapeza malo ku China, koma ndilipire sabata ino isanathe."

Ndinaliwerenga kawiri. Mawu okoma analimo ambiri, koma dzina la yunivesite linalembedwa mosiyana pamwamba ndi pansi, ndipo ndalamazo zinayenera kutumizidwa pa nambala ya foni ya munthu wina wodzitcha ejenti. Nditafunsa kumene ndalama zochuluka chotero zidzachokera, mayiyo anazolika, nandiuza kuti wogula theka la puloti imene malemu mwamuna wake anawasiyira wapezeka kale.

Ife amene takhala m'dera lino zaka zambiri tikudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Malo amene kale anali minda ya chimanga ndi msipu wa ng'ombe m'mbali mwa msewu wa Great East akwera mtengo koopsa. Yunivesite ya Lusaka inamanga sukulu yake kuno, nyumba za Silverest Gardens zinamangidwa mogwirizana ndi kampani ya ku China, ndipo anthu a m'tauni sakutha phazi kudzafunafuna mapuloti. Banja losauka likagulitsa malo ake lero, silidzathanso kuwagula.

Sindikudabwa kuti mwana wa ku Silverest amalota China. Akakwera minibasi ya ku tauni amadutsa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, kumene nyumba yatsopano ya apaulendo, yomangidwa ndi ngongole ya ku China, inatsegulidwa mu 2021. Akapitirira amaona chipatala cha Levy Mwanawasa, chimene Atchaina anamanga ndipo chinatsegulidwa mu 2011. Ife a msinkhu wanga tinali tiana pamene njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi mpaka ku Dar es Salaam, inatha kumangidwa mu 1975. Ubale wa maboma awiriwa unayamba pa 29 Okutobala 1964, patangopita masiku asanu Zambia italandira ufulu, ndipo kutumiza ana kukaphunzira ndi chimodzi mwa zipatso za ubalewo.

Tsono sikolashipi ya boma la China ilipodi, ndipo ana athu amapitadi. Imayendetsedwa ndi bungwe lotchedwa China Scholarship Council, mwachidule CSC, limene linakhazikitsidwa mu 1996. Kwa mwana wa kuno makomo ake enieni ndi awiri. Loyamba ndi la pangano la maboma: dziko la China limapereka malo ku Zambia, ndipo bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, HELSB, limene lamulo la 2016 linaika m'malo mwa Bursaries Committee yakale ija, limalengeza malowo poyera, kulandira mapempho ndi kusankha mayina mogwirizana ndi ofesi ya kazembe wa China ku Lusaka. Lachiwiri ndi lopempha ku yunivesite ya ku China mwachindunji, ndipo malo ambiri a khomo ili ndi a anthu okhala kale ndi digiri amene akufuna ya mastazi kapena ya udokotala wa maphunziro.

Pa makomo onse awiri, wophunzira mwini amatsegula dzina lake pa tsamba la CSC pa intaneti ndi kudzaza fomu, popanda kulipira kanthu. Pa fomupo pali malo ofuna agency number, ndipo mawu amenewa asokeretsa makolo ambiri. Sakutanthauza ejenti wa m'tauni ayi. Ndi nambala chabe yosonyeza ofesi kapena yunivesite imene pempholo likupita. Mayunivesite ena amalipiritsa kandalama kolembetsera, koma kamapita ku akaunti ya yunivesiteyo, osati pa foni ya munthu.

Sindikunena kuti ejenti aliyense ndi wakuba. Ena amapezeradi ana malo, koma kawirikawiri ndi malo odzilipirira, kapena ochotseredwa gawo la fizi ndi sukulu yeniyeniyo. Banja limauzidwa kuti zonse ndi zaulere, mwana n'kunyamuka, kenaka chaka chachiwiri kalata yofuna fizi n'kufika kunyumba kumene kulibenso chogulitsa. Pali chizindikiro chimodzi chimene ngakhale kholo losapita patali ndi sukulu lingathe kuchiona. Wosankhidwa pa sikolashipi ya boma amalandira kalata yomulandira ku yunivesite pamodzi ndi fomu yotchedwa JW201, imene amapita nayo kukapempha viza ya ophunzira ya X1. Wodzilipirira fomu yake ndi JW202. Kusiyana kwake ndi nambala imodzi yakumapetoyo, koma ndi imene imanena amene adzalipira.

Wosankhidwa salipira fizi, amapatsidwa chipinda ku hositelo ndi inshuwalansi ya kuchipatala, ndiponso ndalama ya mwezi ndi mwezi: ma yuan 2,500 kwa wa digiri yoyamba, 3,000 kwa wa mastazi ndi 3,500 kwa wa udokotala. Ndalama imeneyi ndi ya chakudya, sopo ndi mabuku. Makolo oyembekezera kuti mwana azitumizako kanthu kunyumba aiwale. Za tikiti ya ndege, werengani mosamala chilengezo cha chaka chimenecho, pakuti nkhani imeneyi imatsatira pangano. Msinkhu nawonso uli ndi malire: wopempha digiri yoyamba asakwane zaka 25, wa mastazi 35, wa udokotala 40.

Koma chimene chimagwetsa ana ambiri anzeru ndi mapepala ndi kalendala. Mapempho amalandiridwa m'miyezi ya dzinja, kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo akachedwetsa, ndipo khomo la HELSB likhoza kutsekedwa msanga kuposa apo. Mayankho amabwera cha mu Julayi, sukulu n'kutsegulidwa mu Seputembala. Mwana amene amadikira kuona chilengezo kuti ayambe kufunafuna pasipoti, wachedwa kale. Pasipoti ndi kalata ya apolisi yotsimikiza kuti alibe mlandu, imene imafuna zidindo za zala, ndi zinthu zotenga masabata. Makope a satifiketi ya Giredi 12 ndi a mamakisi ayenera kutsimikizidwa ndi wa malamulo wovomerezeka. Wa mastazi ndi wa udokotala amafunikanso makalata awiri a umboni ochokera kwa mapulofesa amene anamuphunzitsa, ndipo kalata ya mfumu, ya khansala kapena yanga ine siilowa m'malo mwake, ngakhale makolo amandipempha kawirikawiri.

Fomu ya kuchipatala ili ndi msampha wakewake. Dokotala amajambula chifuwa, kuyeza mtima ndi magazi, ndipo fomuyo imakanidwa ngati pali malo osadzaza, ngati dokotala sanasaine, kapena ngati chithunzi cha mwana chilibe chidindo cha chipatala. Mphamvu yake ndi ya miyezi isanu ndi umodzi yokha, kotero kuti wofulumira kwambiri amayezetsa kawiri. Chinanso chaching'ono: dzina likhale lofanana chilembo ndi chilembo pa chitupa cha NRC, pa satifiketi ndi pa pasipoti. Kuno timakonda kupatsa mwana dzina la ubatizo, la agogo ndi la kusukulu, ndipo kompyuta ya ku Beijing siidziwa kuti atatu onsewo ndi munthu mmodzi.

Pamafunikanso kuti wopempha alembe yekha chimene akufuna kukaphunzira ndi chifukwa chake. Ndaonapo zolemba zimenezi zogulidwa pa intaneti, zofanana ngati mazira, zotamanda Khoma Lalikulu la China. Mwana amene analemba za kuuma kwa mtsinje wa Chongwe m'chilimwe ndi chikhumbo chake chophunzira za madamu ndi ulimi wothirira, ameneyo ananena zoona zimene wina sangakopere. Ndipo kuyambira ndi olowa m'chaka cha maphunziro cha 2026, ofuna digiri yoyamba amalembanso mayeso atsopano otchedwa CSCA, a masamu ndi maphunziro ena monga mwa ntchito imene akufuna, amene analembedwa koyamba mu Disembala 2025.

Tsopano za chinenero. Maphunziro ambiri a digiri yoyamba pa sikolashipi imeneyi amaphunzitsidwa m'Chitchaina. Wosachidziwa amayamba wathera chaka chathunthu akuchiphunzira, ndipo akalephera mayeso a kumapeto thandizo limathera pomwepo. Ngakhale atalowa m'kalasi, chaka chilichonse sukulu imaunika khalidwe ndi mamakisi ake isanavomereze kuti thandizo lipitirire. Taganizani kuphunzira za mankhwala kapena za makina m'chinenero chimene munachiyamba chaka chatha, cholembedwa m'zizindikiro zikwizikwi m'malo mwa zilembo 26. Komabe ana athu asaope mopitirira. Chitchaina chimasintha tanthauzo la mawu ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu, ndipo ife tinabadwa nazo zimenezi: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa kumsika timazisiyanitsa ndi khutu. Pa Yunivesite ya Zambia pali Confucius Institute chiyambire 2010, pamene amaphunzitsa chinenerochi ndi kulembetsa mayeso ake otchedwa HSK, ndipo ili pa msewu womwe uno wa Great East. Miyezi imene mwana amangokhala pakhomo atalemba Giredi 12 ikanatha kukhala ya phindu kumeneko.

Funso limene makolo amaiwala kufunsa ndi la tsiku lobwerera. Digiri ya kunja imayamba yaunikidwa ndi bungwe la Zambia Qualifications Authority isanalandiridwe pa ntchito zambiri. Wophunzira udokotala wa kuchipatala amalembanso mayeso a Health Professions Council of Zambia asanaloledwe kugwira wodwala. Boma la China lenilenilo lili ndi mndandanda wa mayunivesite amene limawalola kuphunzitsa alendo udokotala m'Chingerezi, ndipo si sukulu iliyonse yolembedwa pa kapepala ka ejenti imene ilimo. Mafunso amenewa ndi ofunsa ku maofesi a ku Lusaka mwana asanakwere ndege, chifukwa pakapita zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi yankho lake silingabwezenso kanthu.

Kumenekonso malamulo ndi okhwima. Wophunzira akafika ayenera kupeza chilolezo chokhalira m'dzikomo pasanathe masiku 30. Kugwira ganyu popanda chilolezo cha sukulu ndi cha oona za olowa m'dziko ndi mlandu wothamangitsa munthu, ndipo mlandu wogulitsa mankhwala osokoneza bongo ukhoza kufika pa chilango cha imfa, motero mwana alangizidwe kuti asanyamulire munthu phukusi limene sanalitsegule. Tikumbukenso 2020, pamene mzinda wa Wuhan unatsekedwa kuyambira pa 23 Januwale mpaka pa 8 Epulo chifukwa cha mliri wa korona, ana a ku Zambia ali momwemo. Ambiri amene anali atabwera kwawo sanathe kubwereranso mpaka 2022, ndipo ankaphunzira pa foni usiku, makolo akugula mayunitsi. Banja limene linagulitsa zonse kuti mwana apite linalibe pogwira.

Amayi amandifunsanso ngati mwana adzapeza Misa. M'mizinda ikuluikulu adzaipeza: ku Beijing kuli tchalitchi cha Nantang, pamalo pamene Matteo Ricci anamanga kachisi mu 1605, ndipo ku Guangzhou anthu ambiri a ku Africa amapemphera m'tchalitchi chachikulu cha Mtima Woyera. Koma lamulo silimulola mlendo kulalikira kapena kukopa nzika za dzikolo, ndipo m'mizinda ina tchalitchi chili kutali ndi sukulu. Posankha mayunivesite pa fomu, nkhaniyi ndi yoyenera kuiganizirako.

Mayi uja ndinamupempha kuti asatumize kanthu, koma amufunse ejentiyo zinthu ziwiri: dzina la fomu imene mwana adzalandira, ndi akaunti ya yunivesite. Ejenti anayankha kuti malo akutha ndipo ena akudikira. Atafunsidwanso kachiwiri, foni yake inaleka kulira.

Mnyamatayo ali ndi zaka 20 ndipo anakhoza bwino masamu ndi sayansi. Pasipoti yake inatuluka khomo la chaka chimenecho litatsekedwa kale, ndipo analira. Tsopano mapepala ake ali mu envelopu yomwe ija, kupatula fomu ya kuchipatala imene akudikira nthawi yake, ndipo amakwera minibasi kukaphunzira Chitchaina. Malo ndi ochepa ndipo opempha ndi ambiri, motero ndinamulangiza kuti apemphenso malo ku Yunivesite ya Zambia ndi ku Chalimbana kuno kwathu ku Chongwe, pamodzi ndi ngongole ya maphunziro ya HELSB. Pa theka la puloti lija mayi ake anabzalapo chimanga ndi maungu. Wogula uja amaimabe ndi galimoto yake pampanda nthawi ndi nthawi, kufunsa ngati asintha maganizo.