Popempha Bolsa Salipira

Abale, mwana wanzeru amaima panjira ndalama zikasowa. Koma lilipo thandizo la maphunziro lotchedwa bolsa.

Bolsa imodzi ndi Chevening, ya boma la Britain, imene inayamba mu 1983. Ana a Mozambique amaloledwa kupempha. Imalipira ndege, sukulu ndi chakudya kwa chaka chimodzi. Kupempha n'kwaulere.

Si ya aliyense ayi. Wopempha akhale woti anamaliza yunivesite ndipo wagwira ntchito zaka 2. Alembe yekha m'Chingerezi pa intaneti, anene bwino chimene adzachitire dziko lake akadzabwerako. Wokopera mawu a mnzake amagwa.

Tsono munthu akafika pamudzi nati, "Tumizani ndalama pa M-Pesa, mwana wanu ndimulembetsa," ameneyo ndi wakuba. Mbuzi musagulitse. Bwerani ndi pepala lakelo kusukulu, tidzaliwerenge pamodzi.